Mlungu umene Washington inkafunsa ngati Trump aponya mpira woyamba

Lachiwiri, 28 Malichi 2017, Silver Spring

M'mawa uno nyuzipepala ya Politico yalemba kuti a ku White House akukambirana ndi timu ya Washington Nationals zoti Pulezidenti Donald Trump adzaponye mpira woyamba Lolemba likubwerali, tsiku limene timuyi itsegulire masewera a baseball a chaka chino. Dzuwa lisanalowe zamveka kuti sabwera, ati tsikulo ali ndi zochita zina. Koma m'maola ochepa amenewo Twitter inali itawira kale.

Wandionetsa ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga amene ndafikira kwawo kuno ku Silver Spring, kumpoto kwa Washington, m'chigawo cha Maryland. Ndi mnyamata wa kusekondale, wobadwira konkuno, ndipo baseball ili m'magazi mwake. Wandipatsira foni tili pa tebulo: "Malume, taonani izi." Anthu afukula chithunzi cha mu 2006, pamene Trump asanakhale pulezidenti anaponya mpira woyamba ku Fenway Park ku Boston, nkhope itapotoka ndi mphamvu yoponyera. Ena akuti manja ake ndi aang'ono moti mpirawo sukwanamo, chitonzo chimene Marco Rubio, amene ankapikisana naye, anamutonza nacho pa kampeni chaka chatha. Ena akuti mpira ukakagwera panjira, iye adzakakamira kuti unafika ndipo atolankhani akunama. Enanso akukumbutsa za Lachisanu lapitali, 24 Malichi, pamene bilu yofuna kuchotsa lamulo la zaumoyo la Obama inabwezedwa m'nyumba ya malamulo isanavoteredwe chifukwa mavoti sanakwane. Akuti nayonso sinafike kwa wowakha.

Kwa amene simunaonerepo: masewera asanayambe, mlendo wolemekezeka amakwera kachitunda kamene kali pakati pa bwalo n'kuponya mpira kamodzi kokha kwa wosewera amene wanjuta patsogolo pake. Mpirawo suwerengedwa pa masewera. Ndi mwambo chabe, koma bwalo lonse limakhala likuyang'ana munthu mmodziyo.

Mlamu wanga sakukhulupirira zoti tsiku ladzaza. Akuti mu Novembala, mumzinda wa Washington, Trump anapeza mavoti 4 okha pa 100 alionse, ndipo ku Maryland ndi ku Virginia, kumene ochemerera ambiri amachokera, anagonjanso. "Akudziwa kuti akamukuwiza," atero. Matikiti a Lolemba mphwanga anagula kale. Ndaganiza zoti masiku atsalawa ndiyende m'malo amene mwambowu unadutsa.

Lachitatu, 29 Malichi, Georgia Avenue

Ndakwera sitima yapansi panthaka n'kutsikira pa Shaw-Howard University. Pamene lero pali chipatala cha Howard University ndi pamene panali bwalo la Griffith Stadium, lomwe linagwetsedwa mu 1965. Ndaima tsidya lina la msewu, ma ambulansi akulowa ndi kutuluka, ndikuyesa kuona m'maganizo khamu la anthu ovala zipewa.

Pamalo amenewa, pa 14 Epulo 1910, William Howard Taft anaimirira pampando wake n'kuponyera mpira Walter Johnson, woponya wa timu ya Washington Senators. Johnson tsikulo anagonjetsa Philadelphia Athletics 3-0. Taft anali chimunthu cholemera makilogalamu oposa 130, ndipo ojambula makatuni a nthawi imeneyo sankamusiya. Ndiye kuti mwambowu unayamba ndi munthu amene thupi lake ankaliseka kale, koma anabwera ndithu.

Masiku amenewo pulezidenti sankatsika m'bwalo, ankaponya ali pomwe wakhalapo. Franklin Roosevelt anachita zimenezi pa masiku otsegulira okwana 8, kuposa wina aliyense, ndipo mu 1940 mpira wake unakaomba kamera ya wojambula wa Washington Post. Harry Truman ankatha kuponya ndi manja onse awiri, ndipo mu 1950 anaponya kawiri, kumanja ndi kumanzere. Koma nkhani ya Truman imene yandigwira mtima ndi ya 1951. Pa 11 Epulo anachotsa ntchito mkulu wa asilikali Douglas MacArthur nkhondo ya ku Korea ili mkati. Pa 19 Epulo MacArthur analankhula m'nyumba ya malamulo, anthu akumulandira ngati ngwazi. Mawa lake, 20 Epulo, Truman anabwera pabwalo lino kudzaponya mpira, ndipo anamukuwiza. Sanali mwana woti sangadziwe chimene chikumudikira. Anavala chipewa chake n'kubwera.

Herbert Hoover anakumana nazo ku Philadelphia mu 1931, pa World Series, masewera omaliza olimbirana ukatswiri wa chaka. Chuma chinali chitagwa, anthu mamiliyoni alibe ntchito, mowa uli woletsedwa m'dziko lonse kuyambira 1920. Khamu linamukuwiza n'kumaimba kuti likufuna mowa. Chaka chotsatira analuza chisankho. Chimene anamva m'bwalomo chinali choona, ndipo sindikhulupirira kuti nduna zake zinkamuuza mosapsatira choncho.

Nkhomaliro ndadyera ku Ben's Chili Bowl pa U Street, malo amene anatsegulidwa mu 1958. Chakudya chawo chotchuka ndi half-smoke, soseji yonenepa yowotcha, ya mu buledi, atathirapo msuzi wa nyama yogaya wa tsabola ndi anyezi. Pafupi nane panakhala bambo wachikulire wachikuda amene atamva kalankhulidwe kanga anandifunsa kwathu. Nditamuuza chimene ndikuyendera, anaika foloko pansi. Anati bambo ake ankapita ku Griffith, koma osati kukaonera pulezidenti. Ankakaonera Homestead Grays, timu ya anthu akuda imene inkabwereka bwalolo m'zaka za m'ma 1940 a Senators akakhala paulendo. Ankakaonera katswiri wawo Josh Gibson, amene anamwalira mu Januwale 1947, miyezi itatu Jackie Robinson asanatsegulire osewera akuda chitseko cha ligi yaikulu pa 15 Epulo. A Senators anadzalemba wosewera wakuda woyamba, Carlos Paula wa ku Cuba, mu 1954. Zaka zonsezo apulezidenti ankaponyera mpira timu ya azungu okhaokha, pakati penipeni pa dera lokhala anthu akuda. Sindikufuna kuukometsa mwambowu kuposa mmene unalili.

Lachinayi, 30 Malichi, Tidal Basin

Kwazizira. Mitengo ya cherry chaka chino sinachite maluwa mokwanira chifukwa chisanu cha pakati pa mwezi uno chinaononga mphukira zambiri. Mitengo yoyamba inachokera ku Tokyo mu 1912, yokwana 3,020, ndipo amene anabzala woyamba anali Helen Taft, mkazi wa pulezidenti yemwe uja.

M'mbali mwa madzi momwemo muli chikumbutso cha Roosevelt. Polowera pali chifaniziro chake atakhala pa njinga ya olumala. Chikumbutsochi chinatsegulidwa mu 1997 popanda chifaniziro chimenechi, ndipo anachiwonjezera mu 2001 anthu olumala atadandaula. Roosevelt anapuwala miyendo mu 1921. Kuti aponye mpira ankaimirira ndi zitsulo zomanga miyendo, atagwirira penapake. Ndakhala nthawi yaitali pamenepo ndikuganiza za nthabwala za manja aang'ono zija. Munthu sasankha kukula kwa chikhatho chake. Kumuseka pa zimenezo n'kosavuta, ndipo sikumuuza kanthu pa zimene walakwira anthu. Amene anakuwiza Hoover anali ndi mlandu naye. Amene akuseka zala alibe mlandu umene akupereka, ndipo mawa adzasekanso wina amene ine ndi inu timamukonda.

Lachisanu, 31 Malichi, Silver Spring

Mphwanga atabwera kusukulu wanditengera ku kabwalo ka m'dera lawo n'kundiika mpira m'manja. Ndi wolimba kuposa mmene umaonekera pa TV, wachikopa choyera, wosokedwa ndi ulusi wofiira umene umatukuka pansi pa zala, wolemera pafupifupi magalamu 145. Wandiimika pa kachitunda, kamene pa mabwalo akuluakulu kamatalika masentimita 25, iye n'kukanjuta kumene wowakha amakhala. Kuchokera pamene woponya amaponda kufika pomenyera mpira, patsogolo pa wowakhayo, ndi mamita 18.44. Ukaima pamwambapo wowakha amachepa, ndipo golovesi yake imaoneka kakang'onong'ono. Phazi likatsika kachitundako thupi limatsogola, dzanja n'kutsalira, ndiye chifukwa chake ambiri mpira umawathera pansi usanafike. Tsopano muwonjezerepo anthu 40,000, makamera, ndi chovala cholemera choteteza ku zipolopolo mkati mwa jekete.

Pa chakudya chamadzulo nkhani yakula. Achemwali anga, amene amagwira ntchito ya unamwino, sakondwa ndi kukuwiza. "Achimwene, ine Trump sindimufuna, mukudziwa. Koma munthu wabwera ngati mlendo, ana ali pomwepo, inu n'kumakuwa? Ulemu uli pati?" Mphwanga wayankha kuti pulezidenti ndi wantchito wa anthu, ndipo tikiti wagula ndi ndalama zake. Mlamu wanga wangoti, "Mutu ukakula sulewa nkhonya," n'kupitiriza kudya.

Ine ndili pakati, koma ndapendekera kwa mlamu. Nkhawa ya achemwali ndi yoona, chipongwe chimaphunzitsika ndipo ana amatola msanga. Komabe tsiku lonse la pulezidenti ndi lokonzedwa. Amene amalowa mu ofesi yake ndi osankhidwa, amene amaima kumbuyo kwake pa msonkhano ndi osankhidwa, ngakhale amene amamufunsa mafunso amachita kuwaloza yekha. Bwalo la masewera ndi amodzi mwa malo ochepa kumene khamu silinasankhidwe ndi aliyense. Mulowa wokonda chipani chake ndi wodana nacho, ndipo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri alibe maikolofoni, alibe womulembera mawu. Mtsogoleri amene akuthawa mphindi imeneyo akudzimana chinthu chimene sangachipeze kwina.

Loweruka, 1 Epulo, Baltimore

Sitima ya MARC kuchokera ku Union Station imatenga pafupifupi ola limodzi. Ku bwalo la baseball la Camden Yards lero kulibe masewera, koma Eutaw Street, kanjira ka oyenda pansi pakati pa bwalo ndi chinyumba chakale chosungiramo katundu wa njanji ya B&O, ndi kotsegula. Chinyumbacho ndi cha njerwa zofiira, chotalika mamita 340. Pansi, m'simenti, akhomamo tizitsulo tozungulira tooneka ngati mpira, chilichonse chili ndi dzina la wosewera, tsiku, ndi mtunda umene mpira wake unauluka kuchokera m'bwalo n'kudzagwera pamenepo. Ndayenda chowerama, kuwerenga kamodzikamodzi.

Washington inakhala yopanda timu kuyambira kumapeto kwa 1971 mpaka 2005, choncho apulezidenti ankabwera kuno. Ronald Reagan mu 1984 anatsika pampando n'kukaponyera m'bwalo, ku Memorial Stadium yakale. Bill Clinton mu 1993 anakwera kachitunda pano pa Camden Yards ndipo mpira unafika. Chaka cha m'mbuyo mwake, pa 6 Epulo 1992, tsiku lotsegulira bwaloli, George H. W. Bush anaponya mpira umene unagunda pansi usanafike. Ameneyu anali kaputeni wa timu ya baseball ku yunivesite ya Yale, ndipo pali chithunzi cha 1948 ali ndi katswiri wa baseball Babe Ruth, mwana wa mumzinda uno, amene nyumba yomwe anabadwiramo mu 1895 ili chapafupi pa Emory Street. Ngati munthu wodziwa masewera chotero mpira unamuthera panjira, ndiye kuti kaponyedwe sikayeza kanthu za utsogoleri.

Pobwerera mphwanga wandionetsa pa foni kanema wa 30 Okutobala 2001, umene akuti wauonera kosawerengeka ngakhale pa nthawiyo anali wakhanda. Yankee Stadium, masewera achitatu a World Series, New York Yankees ndi Arizona Diamondbacks, masabata 7 chigwereni nsanja za World Trade Center. George W. Bush akutuluka yekha atavala jekete ya ozimitsa moto a ku New York, mkati muli chovala choteteza ku zipolopolo. Iye mwini anafotokoza pambuyo pake kuti Derek Jeter, wosewera wa Yankees, anamuchenjeza kuti aponyere pa kachitunda ndipo mpira usagunde pansi, apo ayi amukuwiza. Akukweza chala chachikulu, akuponya, mpira ukulowa pakati penipeni. Bwalo lonse likugwedezeka. New York sinamuvotere Bush mu 2000, ndipo aliyense m'bwalomo ankadziwa kuti munthuyo waima poyera pa nthawi yoopsa. Bush yemweyo, pa 30 Malichi 2008, potsegulira Nationals Park nkhondo ya ku Iraq itatha zaka 5, analandiridwa ndi m'manja mosakanikirana ndi kukuwiza. Mwambo ndi womwewo, munthu ndi yemweyo, koma anthu anamuuza zosiyana chifukwa zochita zake zinali zitasintha maganizo awo. Ichi ndicho chimene ndikuchiona kuti n'chamtengo.

Lamulungu, 2 Epulo, Lafayette Square

Titaweruka ku tchalitchi tadutsira pa paki yoyang'anizana ndi White House. Pali kahema kamene anthu otsutsa zida za nyukiliya akhala akulondera usana ndi usiku kuyambira 1981 mpaka chaka chino cha 2017. Pali ena onyamula zikwangwani, ena akugulitsa zipewa zofiira za Trump, ena malaya omunyoza, matebulo awo atayandikana. Apolisi angoima poteropo.

Chimawateteza ndi lamulo loyamba lowonjezera pa malamulo a dziko lino, la 1791. Mu 1988 khothi lalikulu linagamula pa mlandu wa magazini ya Hustler ndi mlaliki Jerry Falwell kuti munthu wotchuka sangalipiritse womuseleula pongoti zamupweteka mumtima, ngakhale nthabwalayo ikhale yonyansa. Kwathu lamulo la 1967 loteteza mbendera, zizindikiro ndi mayina a dziko chaka chino cha 2017 lidakali m'mabuku, ndipo likuti kunyoza pulezidenti ndi mlandu. Ife amene tinakula nthawi ya Kamuzu timadziwa kutsitsa mawu dzina lalikulu likatchulidwa, ngakhale tili m'nyumba mwathu. Timadziwanso khamu la pa msonkhano lobwera pa malole litavala nsalu imodzi. Mtsogoleri amene amangoona khamu lotero amadzadzidzimuka tsiku lowerenga mavoti. Sindikupempha kuti tiphunzire kutukwana. Ndikungoti munthu amene wamangidwa chifukwa cha nthabwala, dandaulo lake silinathe, langosiya kumveka.

Lolemba, 3 Epulo, Nationals Park

Sitima ya Green Line inali yodzaza ndi zipewa zofiira za chilembo cha W, ana ambiri atajomba kusukulu limodzi ndi makolo awo. Tatsikira pa Navy Yard n'kuyenda ndi khamu pa Half Street mpaka pachipata. Bwaloli lili m'mbali mwa mtsinje wa Anacostia, ndipo lero munalibe mpando wopanda munthu. Ife tinali m'mwamba, kumene osewera amaoneka ochepa koma bwalo lonse umaliona bwino, udzu wometedwa mizeremizere ndi kachitunda kofiirira pakati.

Pulezidenti wotsiriza kuima pamenepo ali pampando ndi Barack Obama, pa 5 Epulo 2010, mwambowu ukukwanitsa zaka 100. Anavala jekete ya Nationals, koma atafika pa kachitunda anatulutsa chipewa cha Chicago White Sox, timu ya kwawo, ndipo anthu anamukuwiza moseka. Mpira wake unapita m'mwamba ndi cham'mbali moti Ryan Zimmerman, wosewera wa Nationals amene ankawakha, anachita kuudumphira. Chaka cha m'mbuyo mwake, ku St. Louis, anamuseka masabata angapo chifukwa cha jinzi yotaya imene anavala poponya. Kuyambira 2010 sanaponyenso. Ndikunena izi chifukwa ena akulankhula ngati Trump ndiye woyamba kulewa. Zaka 7 zadutsa tsopano, ndipo apulezidenti awiri a zipani zosiyana aona kuti kuima pamenepo n'kotayitsa kuposa kupindulitsa. Masiku a Truman chithunzi choipa chinkatuluka m'nyuzipepala tsiku limodzi. Lero kakanema ka masekondi asanu kamazungulira pa intaneti mpaka kalekale, ndipo alangizi amadziwa zimenezo.

M'malo mwa pulezidenti, mpira woyamba aponya asilikali oimira nthambi za gulu lankhondo. Anthu aimirira n'kuomba m'manja, ndipo palibe amene wakuwa. Zinali zaulemu. Mayi wina wokhala kutsogolo kwathu anatembenukira mwamuna wake n'kunena kuti bola choncho, tsiku lisaonongeke ndi ndale. Ndinamumvetsa. Koma ine mtima unandiwawa pang'ono. Asilikali aja palibe amene ali nawo mlandu, ndipo amene anthu ali naye mawu anali makilomita ochepa chabe kuchokera pamenepo.

Pakati pa chigawo chachinayi cha masewera chipata cha kumapeto kwa bwalo chinatseguka, ndipo munatuluka apulezidenti anayi: George Washington, Thomas Jefferson, Abraham Lincoln ndi Theodore Roosevelt. Ndi anthu ovala zimitu zikuluzikulu, zotalika kuposa munthu, akuthamanga mopepesuka, kukankhana ndi kugwetsana, khamu likuitana mayina awo achidule, George, Tom, Abe, Teddy. Mpikisanowu unayamba mu 2006. Mphwanga akuti Teddy analuza maulendo oposa 500 motsatizana asanapambane koyamba pa 3 Okutobala 2012, ndipo tsikulo mzinda wonse unakondwa. Ndinayang'ana ana ali chiimire pamipando akuseka Lincoln, amene chifaniziro chake anthu amakachiyang'ana mwakachetechete tsidya lina la mzinda womwewu. Kuseka kumeneku sikunamuchotsere kanthu. Ana aja akudziwa dzina lake chifukwa cha komweko.

Masewera enieni anali okoma. Miami Marlins inatsogola, Stephen Strasburg wa Nationals anaponya zigawo 7, mnzake Bryce Harper anamenya home run (kutulutsa mpira kunja kwa bwalo n'kupeza chigoli), kachisanu pa masiku otsegulira a moyo wake, kenako Adam Lind, amene anangolowa kudzamenya kamodzi, anatulutsa mpira kunja n'kubweretsa zigoli ziwiri. Zathera 4-2, Nationals yapambana. Chakumapeto anthu ena a m'mwamba anatambasula chinsalu chachikulu cholembedwa mawu ofuna kuti Trump achotsedwe pampando. Ena anaomba m'manja, ena anakuwa kuti achichotse. Mawu amene akanamuuza pamaso awanenabe, kungoti iye panalibe kuti awamve, ndipo omukonda nawonso sanapeze mpata womuombera m'manja.

Mawa m'mawa ndikwera basi ya ku New York. Mphwanga wandilembera sitima yopita ku Bronx, nambala 4, yotsikira pa 161st Street. Wandichenjeza kuti Yankee Stadium imene Bush anaponyeramo inatsekedwa mu 2008 ndipo inagwetsedwa. Bwalo latsopano lili tsidya lina la msewu, ndipo pamalo akalewo pali mabwalo a anthu wamba otchedwa Heritage Field, kumene aliyense amalowa ulere.